Ana a Alimi a Fodya Amagireda Chilichonse

Njombwa,
Kasungu.

Sigele mwana wanga,

Ndakhala m'chigafa muno chidyereni cha masana, pa benchi ija timasankhirapo fodya, chifukwa m'nyumbamo mulibe pokhala. Amayi ako amwaza katundu wako ponseponse ngati ukupita ku ukwati, ndipo ine ndikangotsegula pakamwa akuti ndikukuopseza. Mwina akunena zoona. Ndiye ndati bola ndilembe, ukawerenge ukafika ku Chisemphere utakhala pansi wekha. Zilembo ndakulitsa dala kuti usachite kugunditsa pepala pamphuno, usaganize kuti ndikukalipa.

Mawa ukukayamba ntchito imene ine ndinaigwira mpaka kupuma, yophunzitsa Bayoloje pa sekondale yoyendera. Sindinafune kuti upite kumeneko, ukudziwa. Ndinakuuza kuti upemphe sukulu ya pa boma, pafupi ndi chipatala ndi polisi, iwe n'kundiyankha kuti ana a m'maesiteti nawonso ndi ana. Unanditseka pakamwa ndi mawu anga omwe. Chabwino, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ine ndine bambo wa mtsikana wachialubino amene akukakhala m'nyumba ya sukulu pakati pa minda ya fodya, kwa anthu amene sanamuone akukula, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Ndikuopa, Sigele. Ndanena poyera kuti usavutike kufunafuna m'mizere ya kalatayi.

Za mafupa a chule ndi mizu ya nyemba sindikuuza kanthu, unandiposa kale. Ndikufuna ndikuuze za mutu umodzi wokha, uja wa ku Fomu 4, wonena za mmene zamoyo zasinthira pang'onopang'ono kuchokera kalekale, ndi chifukwa chake anthu timasiyana khungu, msinkhu ndi nkhope. Ana amangoti evolushoni. Aphunzitsi ambiri amauthamangira ngati njira ya kumanda, ena amaudumpha n'kuuza ana kuti akawerenge okha. Iwe sungathe kuudumpha, chifukwa tsiku limene ukalowe m'kalasi mutuwo ukhala walowa nawe limodzi. Ine ndinauphunzitsa molakwika kwa zaka zambiri, ndipo ena analipira kulakwa kwangako. Mmodzi mwa iwo ndiwe.

Chaka changa choyamba ndinatenga chithunzi cha m'buku lakale limene tinali nalo n'kuchijambula pa bolodi. Unachionapo: kumanzere kuli chinyani chokwawa, kenako china choweramira, china chanyamula mwala, mpaka kumanja kwaima munthu woongoka. M'buku lija nyaniyo anali wakuda bii, otsatirawo ankayererako pang'onopang'ono, ndipo womaliza anali mzungu. Ine sindinaonepo vuto. Ndinajambula mwaluso, mpaka ndinabwerera m'mbuyo kudziyamikira. Chimene ndinaiwala n'chakuti ndinkaphunzitsa ana a alimi a fodya. Mwana wa kuno asanadziwe kulemba dzina lake amakhala atadziwa kale kugireda. Amadzuka m'mawa fodya akadali wofewa, kukhala pambali pa amake, kutambasula tsamba pabondo, kuona kutalika, mtundu, kung'ambika, n'kuliponya pa mulu wake. Amakula akudziwa kuti chilichonse chili ndi mulu wake, ndipo miluyo siyofanana mtengo. Ndiye pa bolodi paja iwo sanaone mbiri ya zamoyo ayi. Anaona thebulo logiredera, zinyenyeswa kumanzere, fodya wabwino kumanja.

Mnyamata wina anakweza mkono. "Aphunzitsi, ndiye kuti azungu ndi giredi yoyamba eti?" Ndisanayankhe, wina kumbuyo anaponya lake: "Nanga matenanti ali pati pamzerepo?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Pa desiki ya kutsogolo panali mtsikana dzina lake Esinala, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe, amene anabwera pa lole kudzalima pa esiteti ina. Anali wakhama, wolemba mwaukhondo, ndipo anzake ankamuseka kale chifukwa cha kayankhulidwe ka kwawo. Ine ndinangoti, "Tiyeni tisiye zachibwana," koma ndinanena ndikumwetulira, ndipo ana amawerenga nkhope ya mphunzitsi kuposa buku. Kuyambira tsiku limenelo Esinala anasanduka "wa kumanzere". Fodya atagulitsidwa sanabwerenso kusukulu. Matenanti amasamukasamuka, choncho palibe anafunsa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anachoka chifukwa cha makolo kapena chifukwa cha bolodi langa.

Mzere umenewo usakaujambule, Sigele. Ngakhale uupeze m'buku, ngakhale ana akuuze kuti mphunzitsi wakale ankajambula. Ukajambule mtengo wa nthambi zambiri, ndipo ukawauze momveka kuti sitinachokere kwa anyani a m'paki amene amawabera chimanga. Ife ndi iwo tinasiyana pa mphanda kalekale, aliyense n'kutenga njira yake, ndipo palibe amene ali m'njira yopita kukakhala mnzake. Anthu onse a padziko tili pa kanthambi kamodzi, Mchewa, Mlomwe, Mtumbuka, mzungu, mmwenye. Unene kawiri, katatu, chifukwa ukangotembenuka iwo aupindanso mtengowo kukhala mzere. Ndipo mwana akafunsa funso lobaya mnzake, usaseke, usathamangire belu. Ika choko pansi, phunziro la tsiku limenelo ndi funsolo.

Za kubadwa kwako amayi ako anakuuzapo, koma anakuuza mondikomera. Tsiku limene unabadwa, azakhali ako anakuvundukula, kuyang'anana, n'kutuluka osanyamula. Pofika madzulo mudzi wonse unali utagamula mlandu. Amayi ako tisanakwatirane ankagwira ntchito yochapa ku Lifupa, kumene kumabwera azungu oona nyama, ndiye anthu anangoti, "Mwanayu ngwa ku Lifupa." Sanawerengere n'komwe kuti ntchitoyo anali atasiya zaka zapitazo. Ine teremu yomweyo ndinali nditangophunzitsa za chibadwa. Ndinali nditajambula kabokosi kaja koonetsa kuti bambo wakuda ndi mayi wakuda, onse atanyamula mbewu yobisika, akhoza kubereka mwana woyera, ndiponso kuti mbewuyo iyenera kuchokera kwa onse awiri. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti theka la khungu lako ndi langa. Koma sindinawaikire kumbuyo amayi ako. Ndinkachedwa dala kusukulu, ndikafika n'kudya osayang'ana kumphasa. Amayi ako anapirira mpaka tsiku lina anandiimika pakhomo, iwe uli kumsana, n'kundifunsa mosakweza mawu: "Aphunzitsi, kodi zija mumalemba pa bolodi mumalembera ana a eni okha?" Ndinachita manyazi amene sanandichokebe.

Ndakuuza zimenezi osati kuti undikhululukirenso, unandikhululukira kalekale. Ndikufuna udziwe mtundu wa ntchito imene ukukagwira. Munthu amakhala ndi matumba awiri. M'thumba lina amasungamo za mayeso, m'thumba lina zimene anamva kwa agogo ake, kumaliro, kumowa ndi kudambwe. Zinthu zikavuta dzanja limathamangira thumba lachiwirilo. Ngati ine mphunzitsi, wa satifiketi yanga, ndinapisa m'thumba lolakwika pa mwana wanga yemwe, nanga mwana wa Fomu 4? Usakanyengeke ndi mayankho okhoza. Mwana akalemba bwino, umufunse kuti kwawo amati chiyani za nkhaniyo, ndipo umvetsere mpaka amalize. Ukapanda kudziwa zimene zili m'thumba linalo, ukhala ukuthira madzi pa nsana wa bakha.

Kulakwa kwanga kotsatira kunabwera chifukwa chofuna kukonza koyambako. Uli ndi zaka ngati zisanu ndinakutenga kupita nawe m'kalasi. Ndinkati ana aone ndi maso awo, aleke zikhulupiriro. Ndinakuimika pa mpando kutsogolo, ine n'kumaloza ndi rula tsitsi lako, maso ako, mikono yako, ndikufotokoza za utoto wa m'khungu umene thupi lako silipanga. Kuwala kwa pawindo kunkakulasa m'maso, unkaphethiraphethira misozi ikutsika, ine osaona chifukwa ndinali nditatengeka ndi phunziro langa. Ana anagwedeza mitu, analemba m'makope, ndinatuluka ndikudziona ngati ngwazi. Nthawi yopuma ndinamva ndekha kuseri kwa kalasi wina akuuza mnzake kuti, "Aphiri atibweretsera belo lobwerera." Ukulidziwa belo limene alikana ku okushoni n'kulibweza kwa mwini wake. Dzinalo linakutsata mpaka ku pulayimale. Unkabwera kunyumba n'kundifunsa kuti unabwerera kuchokera kuti, ine n'kumakuuza kuti uwasiye, ndi ana opanda mwambo, osakuuza kuti amene anakukweza pa thebulo logiredera ndine.

Thupi lako si chithunzi chophunzitsira, mwanawe. Akakufunsa za khungu lako, ndipo akakufunsa ndithu, uwayankhe mwachidule, moona, utaimirira ngati mphunzitsi, kenako ubwerere ku phunziro. Usakawalole kukugwira tsitsi kuti akhutire. Usakaitanenso mwana aliyense kutsogolo kuti anzake amuyeze mphuno, msinkhu kapena kuderako kwa khungu, ngakhale buku litanena kuti ndi njira yabwino yoonetsera kusiyana. Kwina ingakhale yabwino, kuno ayi. Kuno ukangoimika anthu awiri pamodzi, ana ayamba kale kufunsa kuti wokwera mtengo ndi uti. Tenga nyemba, tenga mtedza, tenga zisononkho za chimanga cha makolo chija cha mawangamawanga, uwatume aone nkhuku za kwawo. Zimenezo sizipita kunyumba zikulira.

Ndi akulu a mpingo ndinalakwitsanso, ndipo apa ndiye ndinaonetsa uchitsiru wa munthu wophunzira. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anandiitanira pambali. A Kamanga, amene anali mkulu wathu nthawi imeneyo, anayamba mwaulemu ndithu. "Aphunzitsi, tamva kuti mukuuza ana kuti agogo athu anali ndi michira. Tati timve kwa eni ake." Linali khomo lotseguka limenelo. Ndikanakhala nawo pansi, ndikanawafunsa za mbewu zimene amasunga, za ng'ombe zimene amasankha kuti zibereke, tikanamvana penapake. Koma ine magazi anali akadali otentha. Ndinati, "Kwa ena mchirawo sunatheretu." Anyamata amene anali pafupi anaseka, a Kamanga anangovala chipewa n'kumapita. Mlungu womwewo makolo anauza ana awo kuti, "Za Aphirizo lembani kuti mukhoze, mukatuluka mulavule." Analavuladi. Tsoka lake polavula sanasankhe. Pamodzi ndi nkhani ya anyani analavulanso zoti anthu onse ndi amodzi, analavula zoti chialubino ndi chibadwa chabe osati tsoka kapena mankhwala. Nthabwala imodzi inandiwonongera ntchito ya zaka, ndipo amene anatsala pamtetete ndiwe.

Ukafika, ukayambe ndi kulonjera. Upite kwa akulu a mipingo yonse, kwa amayi a komiti ya sukulu, ngakhale kwa akapitawo a m'maesiteti. Ukagwade pamene pafunika kugwada, sudzathyoka mwendo. Lilime lako ndi langa, ndikulidziwa, limathwa msanga ngati mpeni watsopano, ndiye ulisunge m'chimake. Usakalimbane ndi Mulungu wa ana. Ine ndapemphera moyo wanga wonse ndipo ndaphunzitsa mutu umenewu moyo wanga wonse, ziwirizi sizinandiphe. Mwana akakuuza kuti iye analengedwa, usamuseke. Umuuze kuti m'kalasi muno tikuona mmene zinthu zimayendera, mafupa akale, mbewu, matenda amene asiya kumva mankhwala, ndipo umusiye apite nazo akaganize. Ukamukakamiza kusankha pakati pa iwe ndi amake, asankha amake. Ndipo ndikufuna anthu a kumeneko akudziwe dzina, akuzolowere, azikusowa ukapanda kuoneka. Mlendo amene sadziwika ndi amene amasowa popanda wofunsa.

Tsopano ndikuuze chimene sindinakuuzepo. Ukukumbuka uli Fomu 2, pamene ndinayamba kukuperekeza pa njinga m'mawa uliwonse ndi kudzakutenga masana? Unadana nane chaka chonse. Unkati ndikukuchititsa manyazi, ndikukuganizira za anyamata. Ndinakulola uganize choncho chifukwa zinali zopepuka kuposa zoona. Inali nthawi ija wailesi inkangonena za anthu achialubino obedwa, ophedwa, ndi manda ofukulidwa. Tsiku lina dzuwa lili pamutu m'chigafa muno munalowa Fanuwelo. Sungamukumbuke bwino. Anali wophunzira wanga, wanzeru kuposa onse amene ndinawaphunzitsapo. Funso la chibadwa ankaliyankha mpaka ine n'kumawerengera kalasi pepala lake. Sukulu inamuthera panjira, anakhala venda wogula fodya m'midzi, sikelo ili pa njinga yamoto. Anandipatsa moni mwaulemu, anakhala pa benchi ino, n'kutola tsamba kulitambasula pabondo.

Nthawi yomweyo iwe unadutsa pabwalo ndi ndowa pamutu. Fanuwelo anasiya tsamba lija n'kukuyang'ana. Sikunali kuyang'ana kwa mwamuna woona mtsikana, kumeneko ndikanangomukalipira n'kuiwala. Anakuyang'ana pang'onopang'ono kuyambira kumutu, mikono, mpaka kumapazi, mmene timayang'anira tsamba tisanaliponye pa mulu. Kenako anati, "Wakula bwino mwanayu, aphunzitsi. Kusukulu amapitabe yekha? Amadzera ya kudambo ija?" Iye anaseka pang'ono n'kuti, "Inu mukuvutikiranji ndi fodya, chuma chili pakhomo." Ndinamufunsa kuti, "Fanuwelo, si iwe unkalemba bwino za chibadwa? Si iwe unkadziwa kuti fupa la mwanayu ndi fupa ngati lako?" Anaimirira, anasansa buluku, n'kundiyankha mofatsa ngati akundithandiza: "Zija zinali za mayeso, aphunzitsi."

Sindinganene kuti anachita kanthu, chifukwa sindinaone. Ndinakauza amfumu ndi apolisi, anamufunsa, anati zinali nthabwala. Patapita nthawi anasowa m'dera muno, ena amati ali ku Joni, ena amati ali kundende. Koma mawu ake aja anandithyola msana. Ndinapitirizabe kuphunzitsa, koma sindinalowenso m'kalasi ndi mtima umene ndinali nawo kale. Ndinkayang'ana nkhope zija, ana abwinobwino, oseka, anjala, ndi kumadzifunsa kuti mwa amenewa Fanuwelo ndi uti. Ndi chinthu choipa mphunzitsi kuyang'ana ana motero, ndipo sindikufuna kuti iwe ukayambe nacho. Ambiri mwa ana amene ukawapeze ndi abwino, ena akakukonda kuposa mmene ukuyembekezera. Koma sindingakunamize kuti choko chimatsuka mtima wa munthu aliyense. Umphawi wa kuno ndi wouma, ndipo mnyamata amene walima chaka chonse n'kutsala chimanjamanja amamvera aliyense womuuza kuti pali njira yachidule.

Njira yokhayo imene ndinaona ikugwirako ndinaipeza mochedwa, nditatsala pang'ono kupuma. Ndinasiya kulimbana ndi fodya amene ali m'mitu mwawo, ndinamubweretsa m'kalasi. Ndinazula mtengo wathunthu wa fodya, ndi mizu yomwe, n'kuuimika pa thebulo. Ndinawafunsa kuti masamba opyapyala, ong'ambika, otsika mtengo amachokera pati. Anati m'munsi. Nanga aatali, onenepa? Anati pakati ndi m'mwamba. Ndinafunsa ngati pali mtengo wa giredi yoyamba ndi mtengo wina wa zinyenyeswa, anaseka, anati ayi, onse ndi tsinde limodzi. Ndiye ndinafunsa kuti giredi amaika ndani. Anakangana pang'ono, kenako mtsikana wina anati, "Ogula." Ndinati eya, ndipo ogulawo chaka china amafuna wopepuka, chaka china wolemera, mlimi n'kumalira. Tsamba silibadwa ndi giredi. Lili pamtengo ntchito yake ndi kudyetsa mtengowo, la m'munsi ndi la m'mwamba chimodzimodzi.

Kuchokera pamenepo ndinkawauza kuti m'chilengedwe mulibe wogula, mulibe thebulo. Muli dzuwa, mvula, chilala ndi matenda, ndipo chimene chathandiza pano sichithandiza uko. Khungu lakuda limateteza ku dzuwa lathu loswa mtengoli. Makolo a azungu anakakhala kumene dzuwa ndi lofooka, ndipo m'mibadwo yambirimbiri khungu loyera ndi limene linawayanja kumeneko. Palibe amene anakwera, palibe amene anatsalira. Fanizo la fodyali ndi lotsimphina, ndikudziwa, a ku koleji kwanu akhoza kulipeza zolakwa, koma linkawakhazika chete anawo, ndipo chete wa mtundu umenewo sindinkamupeza ndi buku. Kaya anapita nazo kunyumba, kaya anazisiya pakhomo la kalasi, sindikudziwa. Ukayese, mwina m'manja mwako zikabala kuposa mwanga. Ndipo usakabise kuti khungu lako limapsa ndi dzuwa. Limapsadi. Limafuna chipewa ndi mafuta monga maso anga afunira magalasi, nkhani yake ndi yomweyo basi.

Poti ndatchula chipewa, uzivala, Sigele. Ndikudziwa umati chimakukalambitsa, koma kalamba uli moyo. Mafuta oteteza ku dzuwa uzidzola m'mawa ndi masana, osati pokhapokha wakumbukira, ndipo akatsala pang'ono uzipita kuchipatala asanathe. Kachilonda kakatuluka pamlomo kapena pakhutu n'kumachedwa kupola, usakayese za mchere ndi phulusa za azakhali ako, upite akakaone. Malaya a manja aatali amayi ako aika pansi pa chikwama. Ukapemphe kuti m'nyumbamo ukhale ndi mphunzitsi mnzako wamkazi, ngakhale akhale wolongolola. Loko ndagula watsopano, ali m'thumba la nsapato, ukachotse amene ukamupezeyo chifukwa sudziwa amene ali ndi kiyi wina. Fodya ndi chimanga zikatalika usadzere tinjira ta m'minda, zungulira ndi msewu ngakhale utalike. Wa kabaza ukhale naye mmodzi wodziwika, amene ahedi akumudziwa kwawo. Munthu akayamba kukufunsa kuti umagona chipinda chiti, umapita liti kumsika, kwanu kumabwera ndani, usamuyankhe, ndipo tsiku lomwelo uuze ahedi ndi ine. Foni izikhala ndi moto. Ukuseka, ndikukuona, ukuti mdala wayambapo. Seka, koma uchite.

Ndikudziwa kuti kalata ya bambo kwa mwana amene wapeza ntchito imayenera kukhala ya chimwemwe. Chimwemwecho chilipo, chakwiririka chabe. Tsiku limene unabwera ndi pepala lako la ku koleji ndinapita kuseri kwa chigafa kukalira, amayi ako ndinawauza kuti fodya wandilowa m'maso, chonsecho munali mu Okutobala, m'chigafa mulibe ndi tsamba limodzi lomwe. Anthu amene ankati sudzafika patali lero akutumiza ana awo kuti uwathandize masamu. Ndiwe mphunzitsi wabwino kuposa ine, chifukwa iwe ukudziwa mmene zimamvekera kuimikidwa pa mpando uja pamene ine ndinkangodziwa kugwira rula. Mwina mwana wina wa tenanti, wokhala pa desiki ya kutsogolo, akamaliza sukulu chifukwa cha iwe. Mwina mnyamata wina akakana zimene amalume ake akamunong'oneze chifukwa Madamu amene anamuphunzitsa anali ngati iwe. Ndikufuna ndikhulupirire zimenezo. Masiku ena ndimakhulupirira, lero zikundivuta.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndi cholemera kwa ine kuchilemba. Moyo wanga wonse ndinkadzitama kuti sindinasiyepo kalasi pakati pa teremu. Ndinaphunzitsa ndi malungo, ndinaphunzitsa denga litasasuka, ndinaphunzitsa mawa lake titaika agogo ako. Aphunzitsi othawa sukulu za kumudzi ndinkawanyoza pamaso, ndipo iwe unakula ukumva kuti mphunzitsi weniweni sasiya ana. Ndikudziwa kuti unazimeza zimenezo, n'chifukwa chake ndikuchita mantha. Lero ndikubweza mawu anga. Ukadzaona munthu, kaya ndi wophunzira, kaya ndi kholo, kaya ndi mphunzitsi mnzako, akukuyang'ana mmene Fanuwelo anakuyang'anira, udzadziwa, chifukwa wakulira m'chigafa ndipo maso ogireda umawadziwa. Usadzadikire kuti utsimikize. Usadzadikire kutha kwa mwezi, usadzati ana atsala pang'ono kulemba mayeso, usadzachite manyazi kuti anthu adzati Madamu athawa. Adzanene. Usiye mabuku, usiye ndi katundu yense amene amayi ako akulongedzayu, ukwere galimoto yoyamba kukadali kowala ubwere kuno. Palibe amene adzakufunse mafunso pakhomo pano.

Silabasi adzamaliza wina, Naphiri. Boma lili ndi aphunzitsi ambiri. Ine ndi amayi ako tilibe Sigele wina.

Ndine bambo ako,
L. Phiri